GEORGE SHEPPERSON NDI MAKALATA AMENE BOMA LINAFUNA KUTI ATAYIKE

Abale ndi alongo otsogolera makalasi a kuwerenga ndi kulemba, pa tsamba lathu la mbiri ulendo uno tikamba za mphunzitsi wina Mngelezi, dzina lace George Shepperson, amene anatha zaka zace akufunafuna mapepala olembedwa ndi anthu akuda m'masiku a utsamunda. Kapena wina afunsa kuti, nanga ife a ku Angónia, a ku Milange ndi a ku Lago, za mzungu wa kutali zitikhudza bwanji? Zitikhudza ndithu. Munthuyu anadziwa Cinyanja cathu comweci, ndipo nkhani imene anaifukula inacitikira patsidya pa malire pomwepa, pakati pa anthu amene ambiri a iwo anali ocokera kuno kwathu.

Shepperson anabadwa mu 1922 ku Peterborough, m'dziko la England, naphunzira pa yunivesite ya Cambridge. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inampeza akali mnyamata. Anamtuma kukatsogolera asilikari akuda a gulu la King's African Rifles, lija akuluakulu ankalichula kuti Keyala, ndipo anampatsa anyamata a ku Nyasaland, dziko limene lero tiliti Malawi. Anayenda nao mpaka ku India ndi ku Burma, kumene anali kumenyana ndi Ajapani. Ndi komweko kumene anaphunzira Cinyanja pakamwa pa asilikari eni ace, namva nyimbo zao za paulendo, nazindikira kuti anthu awa ali ndi mbiri yao ndi maganizo ao pa za dziko, zimene mabuku a kwao kwa iye sanali kuzisamala. Nkhondo itatha, mu 1948 analowa nchito yophunzitsa mbiri pa yunivesite ya Edinburgh ku Scotland, nakhala pomwepo kufikira 1986. Mmodzi wa ophunzira ace a zaka zoyamba anali Julius Nyerere, uja anadzakhala mtsogoleri wa Tanzania.

Ku Edinburgh anali kuphunzitsa mbali ziwiri, mbiri ya ufumu wa Angelezi ndi mbiri ya America. Ici musaciyese cacing'ono, pakuti ndico cinamtsegula maso. Anzace odziwa za Africa yokha sanali kuyang'ana ku America. Iye, pokhala wodziwa konsekonse, anaona kanjira kamene makalata, timabuku ndi nyuzi zinali kuyendamo pakati pa anthu akuda a ku America ndi akuda a kuno. Ndipo polondola kanjira kameneka anafika pa dzina la John Chilembwe.

Ambiri a inu munamva za Chilembwe, koma tikumbutsane pang'ono. Anali wa ku Chiradzulu. Mu 1892 anayamba kugwira nchito kwa mmishoni wina wosamva za boma, Joseph Booth, ndipo mu 1897 Booth anapita naye ku America, kumene anaphunzira za ubusa pa sukulu ya anthu akuda ku Lynchburg, m'dera la Virginia. Anabwerako mu 1900 nayambitsa mishoni yace ku Mbombwe, yochedwa Providence Industrial Mission, mothandizidwa ndi Abaptisti akuda a ku America. Anamanga chalichi cacikulu ca njerwa, natsegula masukulu m'midzi, ophunziramo ana ndi akuluakulu omwe. Taonani, abale, nchito yace ya tsiku ndi tsiku sinasiyane kwambiri ndi yanuyi: bolodi, coko, ndi munthu wamkulu amene dzanja lace linazolowera khasu akuyesa kugwira colembera.

Pafupi ndi Mbombwe panali minda yaikulu ya kampani ya A. L. Bruce, ku Magomero, ndipo woyang'anira anali William Jervis Livingstone. Ogwira nchito ambiri m'mindamo anali Alomwe othawa kuno kwa Apwitikizi, othawa cibalo, msonkho, asipayi ndi njala. Azungu anali kuwachula ndi dzina lonyoza lakuti Anguru. Anathawa moto nakagwa m'makala, pakuti kumeneko anapeza thangata: ukhale pa malo a mzungu, ulipire ndi thukuta lako, ndipo miyezi ya nchito iwerengedwa ndi mwini munda. Anthu ameneŵa ndiwo anadzaza machalichi a Chilembwe. Pamene iwo anamanga timachalichi ta udzu m'midzi ya pamindapo, momwenso munali kukhala sukulu, woyang'anira anali kutitentha. Anadziwa bwino kuti munthu wodziwa kuwerenga tikiti yace ya nchito sapusitsika masiku.

Mu 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika m'dera lathu lino. Mwezi wa Setembro Angelezi ndi Ajeremani anamenyana ku Karonga, ndipo ambiri a akufa mbali zonse ziwiri anali anthu akuda. Tsono Chilembwe sanayambe ndi mfuti ai. Anayamba ndi kalata. Mwezi wa Novembro analembera nyuzi ya azungu ya ku Blantyre, Nyasaland Times, m'dzina la anthu a mtundu wace. Mtima wa kalatayo unali wotere: pa mtendere zabwino zonse ziri za azungu, koma nkhondo ikabuka wakuda ndiye aitanidwa kukakhetsa mwazi pa mlandu umene saudziwa, ngati nkhondo iyenera kumenyedwa, apite eni cuma ndi eni minda, osati amphawi amene asiya akazi amasiye ndi ana amasiye okhaokha. Boma linaitsekereza kalatayo kuti isafike kwa anthu, ndipo linayamba kupangana zomcotsa Chilembwe m'dzikomo.

Patangopita miyezi iwiri, usiku wa pa 23 Janeiro 1915, anthu a Chilembwe anaukira. Anapha azungu atatu, mmodzi wa iwo Livingstone, amene anamdula mutu. Akazi ndi ana a azungu sanawapweteke. Anayesa kulanda mfuti ku Blantyre koma anapeza zocepa, ndipo anatenthanso mishoni ya Akatolika ku Nguludi. Sitibisa zimenezi, mwazi unakhetsedwa, ndipo Mkristu sangauwerenge mopepuka. Zonse zinatha masiku ocepa. Chilembwe anathawa kulinga kuno kwathu, koma pa 3 Fevereiro anamuombera kufupi ndi Mulanje asanaoloke malire. Anthu pafupifupi 40 anaphedwa ataweruzidwa, ena pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende, ndipo chalichi ca njerwa cija boma linacigumula ndi zophulitsa. Azungu ena a m'minda anapfuula kuti zonsezi zadza cifukwa ca kuphunzitsa anthu akuda, ndipo mbusa wa mishoni ya Blantyre, Alexander Hetherwick, anacita kuimirira pamaso pa bungwe lofufuza la boma kuteteza masukulu.

Zaka 30 zitapita, pamene Shepperson anayamba kufunsa za nkhaniyi, anapeza cipata cotseka. Maofesi akulu a boma ku Zomba anapsa ndi moto mu 1919, napsa pamodzi ndi mapepala ambiri. Otsala anali otsekeredwa ndi lamulo. M'zolemba za atsamunda Chilembwe anali cabe munthu wosokonezeka mutu amene anaphunzira mopitirira muyeso wace. Nanga mbiri uilemba bwanji pamene nkhokwe yapsa? Apa ndipo pali nzeru ya munthuyu, ndipo ndi pamene ndifuna kuti tikhalitsepo.

Iye anaganiza kuti kalata iri ndi mbali ziwiri, kocokera ndi kofikira. Boma lingalande zonse za m'nyumba ya wolemba, koma silingakalande kalata imene inaoloka kale nyanja. Cotero anayamba kufunafuna ku America. Abaptisti akuda aja anali ndi nyuzi yao, Mission Herald, ndipo m'menemo anali kusindikiza makalata amene Chilembwe anawatumizira, onena za masukulu, za kumanga chalichi, za kusowa ndalama ndi za mabvuto a anthu. Mau amene anafafanizidwa ku Mbombwe anapezeka ali moyo kutsidya kwa nyanja. Panalinso mwana wamkazi wa Booth, Emily, amene Chilembwe anamlera akali kamtsikana. Iyeyu anasindikiza zokumbukira zace mu 1952, ndipo zinathandiza kuonetsa Chilembwe monga munthu, osati monga dzina la pa mlandu. Zinthunzi nazo zinalankhula. Munthu wakuda wosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, Mungo Murray Chisuse, anali wojambula, ndipo anamjambula Chilembwe. Woona zithunzi za masiku amenewo, abusa ndi banja lao atabvala bwino, sangabvomere msanga kuti uyu anali wamisala wa m'chire.

Pa nchito imeneyi Shepperson sanali yekha. Anagwirizana ndi Thomas Price, munthu amene anakhalitsa ku Nyasaland, wodziwa Cinyanja kwambiri kotero kuti analemba buku lociphunzitsira, ndipo pambuyo pace anali kuphunzitsa ku Glasgow. Wina anadziwa za America, wina anadziwa dziko ndi anthu ace. Mutu umodzi susenza denga.

Polondola Chilembwe anapezanso ena, ndipo anaona kuti zaka za pakati pa 1892 ndi 1915 zinali zaka za timapepala. Booth mwini wace anasindikiza kabuku mu 1897 kochedwa Africa for the African, ndiko kunena kuti Africa akhale wa eni ace. Mu 1899 analemba cipepala copempha mfumukazi ya Angelezi kuti msonkho wa nyumba ugwire nchito ya maphunziro ndi kuti dziko lidzabwezedwe kwa eni. Boma litafuna kumgwira, anathawira kuno ku dziko la Apwitikizi. Panali Elliot Kamwana, Mtonga wa ku nyanja, amene mu 1908 ndi 1909 anabatiza anthu zikwi zambiri atanyamula timabuku ta Watch Tower tocokera ku America. Boma linamcotsa kwao, ndipo zaka zina za ukaidi wace anakhala ku Chinde, pa mathiriro a Zambezi. Sitikamba pano ngati ciphunzitso cace cinali coona kapena ai. Cimene tiona ndi cakuti kabuku kolowa m'thumba la malaya kanaopsa boma lokhala ndi mfuti.

Koma amene ine ndifuna kuti mumdziwe ndi Charles Domingo, pakuti ameneyu ndi mwana wa kuno. Anabadwira m'dziko lino la Moçambique, ndipo akali mwana mlaliki wina wa ku South Africa, William Koyi, anamtenga mu 1881 napita naye ku mishoni ya Livingstonia, kumene anakulira pakhomo pa Dr Robert Laws. Anali wanzeru koposa. Anatsiriza maphunziro a ubusa, koma caka ndi caka amishoni anali kuzengereza kumdzoza. Atatopa ndi kudikira anacoka, nadzagwirizana ndi Abaptisti osunga Sabata. Analibe makina osindikizira, analibe ndalama. Anali ndi pepala, inki ndi positi basi. M'makalata amene analembera Booth ca m'ma 1911 ananena poyera kuti amishoni, boma ndi makampani ayenda njira imodzi pakupeputsa munthu wakuda, ndi kuti makhalidwe a azungu ambiri sagwirizana ndi dzina la Kristu limene abwera nalo. Mau owawa, inde, ndipo ife a mpingo tiyenera kuwamva osakwiya, cifukwa wowanenayo anali Mkristu wokonda Baibulo, ndipo muyeso umene anayesera azungu anautenga m'Baibulo momwemo. Makalata amenewo akanaola ndi ciswe m'mudzi wina wa ku Mzimba. Anapulumuka cifukwa anatumizidwa kunja, ndipo Shepperson ndi Price anawaika m'buku kuti dziko liwawerenge.

Bukulo linatuluka ku Edinburgh mu 1958, dzina lace Independent African, kunena Mwafrika woima payekha. Ndi cibuku ca masamba opitirira 500, ndipo kalata ija ya mu 1914 imene boma linaitsekereza iri momwemo. Linatuluka pa nthawi yace. Caka comweco, mwezi wa Julho, Dr Hastings Kamuzu Banda anabwerera ku Nyasaland kudzalimbana ndi citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mu Março 1959 boma linamanga atsogoleri ambiri a Congress. Anthu amene anali kuuzidwa kuti za ufulu nzacilendo, zobwera ndi anyamata ophunzira a dzulodzuloli, anapeza umboni wosindikizidwa wakuti agogo ao anafunsa mafunso omwewo zaka 40 m'mbuyomo. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, anatero akale. Koma tisaiwale kuti tsitsi linali la eni mudzi: m'midzi ya ku Chiradzulu dzina la Chilembwe silinafe, ndipo mishoni yace inali itatsegulidwanso kale mu 1926 ndi Dr Daniel Malikebu.

Tsopano ndinene maganizo anga, pakuti buku labwino siliopa kufunsidwa. Njira ya Shepperson inali njira ya mapepala, ndipo mapepala alankhulira eni ace okha. Chilembwe timumva, Domingo timumva, Booth timumva mpaka kutopa naye. Nanga Alomwe aja, amene anasenza nthungo usiku wa pa 23 Janeiro, amene ananyongedwa, amene midzi yao inatenthedwa? M'mapepala a nthawi imeneyo iwo angowerengedwa monga awerengera mbuzi: akuti mwakuti anagwidwa, akuti mwakuti anathawa. Cimene cinali mumtima mwa mai wocokera ku Gurué kapena ku Milange, amene anapalira thonje la Bruce mwana ali kumbuyo, palibe kalata yocinena, pakuti maiyo sanadziwe kulemba. Cifukwa ca ici bukulo lipenya kwambiri ku America ndi ku maganizo a ophunzira, ndipo lipenya pang'ono ku munda.

Ena anadza pambuyo kudzadzaza mpatawo. Jane ndi Ian Linden mu 1971 anaonetsa kuti otsatira Chilembwe ambiri anali kuyembekeza kutha kwa dziko ndi kudza kwa Yerusalemu watsopano, osati boma latsopano lokha. Landeg White anapita ku Magomero kukakhala pansi ndi adzukulu a anthu a thangata, ndipo buku lace la mu 1987 likamba za mudziwo kuyambira pansi, za Alomwe ndi za akazi. Mu 2015 John McCracken anasindikiza maumboni amene anthu anapereka ku bungwe lofufuza lija la mu 1915. Onsewa anamanga pa maziko a Shepperson ndi Price, ngakhale pamene anali kutsutsana nao.

Nanga kuno kwathu mapepala otere analipo? Analipo, koma kutali. Ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, João Albasini ndi mbale wace José anayambitsa nyuzi ya O Africano mu 1908, ndipo mu 1918 anayambitsa O Brado Africano. Anali kulemba m'Cipwitikizi ndi m'Cironga, akudzudzula cibalo ndi tsankho, pa zaka zomwezo zimene Chilembwe ndi Domingo anali kulemba. Ku Niassa, wansembe wa Anglikani wa ku Unangu, Yohanna Barnaba Abdallah, analemba mbiri ya Ayao m'cinenero cao, ndipo inasindikizidwa mu 1919. Koma kwa ife olankhula Cinyanja khomo linatsekedwa msanga. Mishoni ya Dutch Reformed imene inatsegulidwa ku Mphatso, ku Angónia, mu 1909, Apwitikizi anaitseka mu 1922, ndipo Akristu anali kucita kuoloka malire kukapemphera. Mu 1929 boma linakhwimitsa malamulo kuti sukulu ziphunzitse m'Cipwitikizi, zinenero zathu zitsale pa za cipembedzo basi. Pofika pa ufulu mu 1975, mwa anthu 100 ali onse opitirira 90 sanali kudziwa kuwerenga. Ndiye cifukwa cace wolemba mbiri akafuna mau a agogo athu a ku Tete ndi ku Niassa, kawirikawiri apeza mau a mzungu wa ku boma amene anawalembera msonkho.

Komabe si kuti m'midzi mwathu mulibe kanthu. Inu mudziwa masutikesi ndi zitini zimene ziri pansi pa kama m'nyumba za ophunzira anu. M'menemo muli makalata ocokera ku migodi ya ku Joni ndi ku mapulazi a ku Rhodesia, muli makadi a ubatizo, ziphaso za msonkho, kaderneta ya masiku a Apwitikizi, ndi makalata a m'zaka zija anthu athu okwana ngati miliyoni imodzi anali othawa nkhondo ku Malawi, mtendere wa pa 4 Outubro 1992 usanadze. Ambiri a eni mapepalawo sanawawerengepo okha; anali kucita kupempha mwana wa sukulu kapena katekisiti. M'kalasi mungathe kupempha wofuna kuti abwere ndi pepala limodzi, aliwerenge yekha mokweza ngati liribe zacinsinsi, ndipo anzace amfunse: analemba ndani, ali kuti, caka canji, cinacitika nciani pambuyo pace? Mayankho alembedwe m'kope la kalasi, ndi dzanja la wophunzira mwini, ndi tsiku lace pamwamba. Pepala lenilenilo libwerere kwa mwini wace tsiku lomwelo. Mafunso amenewa ndi omwewo Shepperson anali kufunsa pa makalata a Domingo.

Za moyo wace wotsala tinene mwacidule. Mu 1960 analemba za m'mene akuda a ku America anathandizira kudzutsa mtima wa ufulu mu Africa. Mu 1963 anakwezedwa kukhala pulofesa. Mu 1965, pa msonkhano wa olemba mbiri ya Africa ku Dar es Salaam, anakamba za ana a Africa obalalika m'maiko onse cifukwa ca ukapolo ndi maulendo, nawayerekeza ndi Ayuda a m'Baibulo obalalika pakati pa amitundu. Kuyambira pamenepo maphunziro a za obalalikawo anakula kwambiri m'mayunivesite. Sanaiwale asilikari ace a ku Burma, ndipo atakalamba analembanso za nyimbo ndi ndakatulo za Amalawi pa nkhondo ziwiri zija. Buku la Chilembwe linasindikizidwanso ku Blantyre mu 2000, kuti lipezeke pafupi ndi kumene nkhaniyo inacitikira. Shepperson anamwalira pa 2 Abril 2020, ali ndi zaka 98.